Fuwa Langa Pansi pa Tayala

Chimene chinayamba kundidabwitsa tsiku limenelo ndi mphika. Popita kumadzi ndinausiya pamafuwa, pobwera ndinaupeza uli padothi, mafuwa atatsala awiri. Munthu wanzeru akanatula mtsuko, n'kukhala pansi, n'kupuma kaye. Ine sindinapume, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero ndikamadutsa pakhola la apongozi anga ndimayang'ana kumbali ngati ndaitanidwa.

Ndikuuzeni kaye za pamene tikukhala, kuti mumvetse. Nyumba yathu ili m'mbali mwa msewu, pamtsetse wina kufupi ndi Biriwiri. Bambo a ana anga ali ku Joni, ndiye pakhomo ndili ndi ana awiri, Yohane wa zaka zinayi ndi Marita amene wangoyamba kuyenda. Mukatsika pang'ono, pamene msewu umakhota, pali nkhokwe yathu, ndipo kumunsi kwake kuli khola la ng'ombe la apongozi anga aamuna. Kwathu kuno mtengwa saponda m'khola la apongozi ake, ngakhale nkhuku yake itaikira m'menemo. Komanso apongozi aamuna ndi mtengwa salankhulana maso ndi maso. (Zimenezi muzisunge, muzifuna kutsogoloku.)

Chilimwe chathachi, anthu atayamba kukumba mbatatesi, kunayamba kubwera lole yobiriwira yochokera ku Limbe, Lachisanu lililonse. Malo abwino alipo, pasitolo m'pathyathyathya, pamkuyu pali mthunzi, koma iyo inkadzaima pakhomo panga penipeni, mphuno italoza kumunsi. Dalaivala wake, bambo wamtali wa magalasi akuda, ankatsika, n'kugwadagwada kutayala, n'kulowera kuminda kukayeza matumba. Lole ankaisiya pomwepo mpaka dzuwa kupendeka, kumbuyo atafunditsako lona, zinthu zitatundumuka pansi pake. Fumbi lake paufa wanga, oilo pabwalo panga, ndipo Yohane ukangotembenuka wakwawira kale pansi pake.

Tsiku lina ndinalimba mtima. Ndinagwada bwinobwino.

"Pepani bambo, galimotoyi simungamaiimike pena? Pano pamasewera ana."

"Mayi," anatero osavula n'komwe magalasi, "nyumba ndi yanu, koma msewu ndi wa boma. Anawo muziwamanga."

Ndiziwamanga! Ana anga asanduka mbuzi?

Sabata yotsatira anapita apongozi aamuna okha, ndodo m'manja. Ine ndinkamvera kuseri kwa khonde.

"Msewu uwu tinaulima ife ndi makasu athu," anatero. "Boma linangobwera ndi chingwe choyezera. Inu munali kuti?"

"Ndinali kolipira laisensi, madala."

Apongozi anabwerera akulankhula okha. Basi pamenepo tonse a m'mbali mwa msewu tinagwirizana kuti mlendoyu timutopetse. Ine ndinayala mphasa ya ufa pamalo pakewo. Anafika n'kuliza hutala mpaka nkhuku zonse kukwera m'mitengo, ndinayalula ndekha. A Nachisale, amene tinayandikana nawo nyumba, anamwaza minga. Dalaivala anaikankha ndi jombo, minga n'kubaya Yohane.

A Nachisale omwewo ndiwo anandiika njoka m'mimba. Tinali pachitsime, iwo n'kuyang'ana uku ndi uku, mawu n'kutsitsa.

"Inu mayi a Yohane, mumaganiza n'za mbatatesi zimenezi? Simunamve za achifwamba? Kubwera kwa boma la Chitaganyaku anthu akusowa. Amawanenepetsa, kenako nyama yawo m'zitini. Nanga bwanji saima pakhomo panga? Poti amuna anga alipo. Iwo amasankha nyumba yopanda mwamuna. Choyamba amaika chizindikiro, chachiwiri amatenga kanthu ka pakhomo panu, kenako mwana amangotsatira yekha ngati mwanapiye."

Ine sukulu ndinapitako, ndinalekeza Sitandade 3, ndipo m'tchalitchi ndimatsegula ndekha buku la nyimbo. Koma mantha safunsa kuti unalekeza kalasi yanji. Nditafika kunyumba ndinayamba kufunafuna chizindikirocho, ndipo wofuna sasowa. M'mbali mwa msewu, pomwe pamaima lolepo, panali mwala wakuda bii, wonona ndi oilo, wosiyana ndi miyala ya kwathu. Ndinaunyamula ndi masamba kuti usandikhudze khungu, n'kukauponya kuchigwembe. Ndinagona bwino usiku umenewo, ndikudziyamikira.

Ndiye tabwerera ku mphika uja. Linali Lachisanu, lole itaima pamalo pake, dalaivala kulibe. Ndinayang'ana kuseri kwa nyumba, pansi pa thandala, fuwa osaoneka. Nditasuzumira kumsewu, ndinaliona. Fuwa langa, lakuda ndi mwaye wa moto wanga, limene ndimaphikirapo phala la ana anga, linali litapanikizidwa pansi pa tayala lakutsogolo.

Kanthu ka pakhomo katengedwa. Chatsala n'chiyani?

Mtsuko sindikumbuka kuti ndinautula bwanji. Ndinangoti Marita m'khwapa, Yohane padzanja, liwiro kumunsi. M'nyumba ayi, m'nyumba ndi mmene angayambire kufuna. Ndinatukula denga la nkhokwe, n'kuwakweza mmodzimmodzi pamwamba pa chimanga.

"Mukhale chete. Iwe Yohane, ugwire mchemwali wako. Ngakhale umve wina akuitana dzina lako, usayankhe."

"Amayi, takhala chimanga ife?"

"Ee, mwakhala chimanga. Chimanga sichilankhula."

Ndinabwezera denga n'kukwera mtunda. Maganizo anga anali amodzi, akuti ndikalanda fuwa langa mankhwala awo asuluka. Ndinakoka ndi manja, fuwa osasuntha. Ndinakankha ndi chidendene, osatheka. Ndiye ndinakatenga munsi.

(Ndikudziwa zimene mukuganiza. Ngolo ndimaidziwa, ndipo ndinaonapo anthu akuitsekera ndi mwala pamtsetse. Koma ngolo ndi ngolo. Galimoto ine ndinkayesa kuti ikasiya kulira ndiye kuti yagona, ndipo chogona sichiyenda mpaka mwini wake achidzutse.)

Ndinamenya cham'mbali ngati ndikukonola chimanga chouma. Kachitatu fuwa linati fwamphu, n'kugubuduka. Ndinalitola, n'kulikumbatira ngati mwana wobwera kuulendo. Ndinafika mpaka pomwetulira.

Kenako ndinamva kaphokoso kakang'ono, kwiii.

Lole inali kuyenda. Injini osalira, pampando popanda munthu, koma ikuyenda, pang'onopang'ono ngati nkhalamba yodzuka pamphasa. Choyamba ndinati, a Nachisale amanena zoona, ili ndi mizimu yake. Chachiwiri ndinayang'ana kumene mphuno yake yaloza. Msewu umakhota, koma lole yopanda munthu sidziwa kukhota. Patsogolo pake panali nkhokwe.

Abale anga, ndinathamanga. Fuwa lili pachifuwa, nsalu ikumasuka, ndikukuwa, "Ima! Ima iwe!" Itakana ndinayamba kuipatsa ulemu, "Imani, chonde imani, muli ana!" Ndinayesa kuponya fuwa patsogolo pa tayala, manja anakana kulitaya. Lole inayamba kundisiya. Ndinaitana Mulungu, ndinaitana amayi anga amene ali ku Kasinje, ndinaitana ngakhale dalaivala yemweyo.

Chinapulumutsa ana anga ndi ngalande imene apongozi anakumba kuti madzi a mumsewu asamalowe kunkhokwe. Tayala lina linagweramo, lole inapotoka, mbali yake n'kukokolola denga la nkhokwe ngati munthu wovula mnzake chipewa. Ndinaona timitu tiwiri tatulukira pamwamba pa chimanga, tamoyo, tikuyang'ana. Mayi wabwino akanaima pomwepo. Ine miyendo inapitirira, chifukwa m'mutu mwanga munatsala chinthu chimodzi chokha, chakuti mwala ubwerere pamene unali.

Lole inathyola mitengo ya khola, phwatata, n'kutitimira m'ndowe mpaka kuima. Mwayi wake ng'ombe zinali kudambo, munatsala thole limodzi limene linalumpha n'kuthawira kuphiri. Ine ndinalowa pomwe inalowera lolepo, ndinagwada, n'kulowetsa fuwa langa bwinobwino pansi pa tayala la galimoto yoima kale.

Nditadzutsa mutu ndipamene ndinazindikira pamene ndagwada. Pakati pa khola. Ndowe mpaka m'maondo. Ndipo panja pa mpanda, pachitsa, panali apongozi anga aamuna, kasemasema m'dzanja, mpini umene ankasema utagwa pansi.

Sanandiyang'ane. Mwambo anausunga ngakhale pamenepo. Anatembenukira kwa akazi awo amene ankabwera akuthamanga, n'kufunsa mofatsa, "Kodi ng'ombe yagwada m'khola mwangayi ndi ya yani? Ine sindikuidziwa."

Ndikanakonda lole ija ikanandiponda.

Anthu anadzaza. Lona yakumbuyo inali itafunukuka, ndipo zimene ndinkaziona zitatundumuka pansi pake masabata onsewa zinali matumba a mbatatesi, ena ataphulika. Woyamba kutolera m'nsalu anali a Nachisale. Dalaivala anafika ali wefuwefu, anazungulira lole yake, n'kuvula magalasi aja. Maso ake anali maso wamba, ofiira ndi fumbi.

"Wachotsa mwala ndani?"

Ine ndinayang'ana ndowe. Ndiye kuchokera pamwamba pa nkhokwe kunamveka mawu a chimanga chija.

"Amayi! Anamenya ndi munsi! Ndinaonera pabowo!"

"Linali fuwa langa," ndinatero. "Munatenga osapempha."

Bamboyo anagwira m'chiuno. "Mayi, pamenepo ndinalakwa, sindikana. Ndinaodira, munalibe munthu. Koma mukudziwa chimene ndimaimira pakhomo panu? Lole iyi siliza yokha injini. Ndimaiimika pamtsetse kuti ndikachotsa mwala itsike, injini igwire. Pasitolo paja m'pathyathyathya, azindikankha ndani? Buleki yadzanja inafa kalekale. Buleki yanga ndi mwala wakuda umene ndimausiya pompaja. Lero ndapeza palibe. Unapita kuti mwala wanga?"

Ndinayang'ananso ndowe. Ndowe imeneyo ndinaidziwa bwino tsiku limenelo.

"Nanga anawo akutani m'nkhokwe?"

"Tikubisala inu," anatero Yohane monyadira. "Mumaika ana m'zitini."

Anthu ena anaseka, ena anakhosomola. A Nachisale anapeza mbatatesi ina patali kwambiri imene inafunika kutoledwa msanga. Dalaivala sanaseke. Anandiyang'ana, n'kupukusa mutu.

"Mayi, ku Limbe ndili nawo anga, amadya ngati dzombe. Ndionjezerenso anu?" Kenako anayang'ana mkwasa wa tayala pamene unadutsa, pafupi ndi mwendo wa nkhokwe, ndipo mawu ake anatsika. "Pakanapanda ngalande iyi..."

Apongozi aakazi ndiwo anatsitsa ana, n'kundigwira dzanja kunditulutsa m'khola. Nditamukumbatira Marita ndinapeza ali ndi chisononkho m'kamwa, osadziwa kanthu. Pamenepo ndiye ndinalira, kulira kwenikweni, kwa mamina komwe, pamaso pa mudzi wonse.

Lole anaikoka ndi ng'ombe zapagoli madzulo ake. Khola analimanganso amuna a m'mudzi, dalaivala naye anavula malaya n'kukumba nawo maenje. Thole linapezeka m'mawa mwake. Ine tambala wanga yekhayo, wofiira uja, anapita kwa apongozi kukapepesa kuti mtengwa anaponda posaponda. Anamulandira, koma kwa mwezi wathunthu akamva ndikubwera ankafunsa akazi awo ngati chipata cha khola chatsekedwa. Pachitsime anandipatsa dzina, akuti a Nabuleki. A Nachisale amauza anthu kuti iwo anandichenjeza kuti ndisamamvere mphekesera.

Mlandu wa msewu sunathe. Apongozi akuti ndi wathu, dalaivala akuti ndi wa boma, ndipo lole ikuimabe pakhomo panga Lachisanu lililonse, fumbi lake paufa wanga monga kale. Kusiyana kwake n'koti ndinapita kumtsinje n'kusenza miyala iwiri ikuluikulu, umodzi tsiku lake, khosi linandiwawa sabata yonse. Lole ikangoima ndimaiika ndekha, tayala ili ndi ili, n'kuimenya ndi chidendene kuti ndione ngati yagwira. Dalaivala amati, "Zikomo a Nabuleki," ine n'kubwerera ku ufa wanga.

Ana ndimawakhazika kumtunda kwa lole, osati kumunsi, pansi pa mtengo wa pichesi. Yohane amamva ndikamuuza. Marita samva, ndiye ndimamumanga nsalu m'chiuno n'kuimangirira kumtengowo, monga momwe ananenera bambo uja tsiku loyamba (musakamuuze). Ndikudziwa tsopano kuti ndi munthu wa mbatatesi chabe, ndinaona ndi maso anga. Komabe lole ikamatsika mtsetse, injini n'kugwira, utsi n'kuti tolo, ndimatembenuka n'kuwawerenga ana anga, ngakhale alipo awiri okha.