Tsiku limene anandilira ndili moyo

Pali amayi ena a chigwirizano amene mpaka lero amaluma nsalu kuti asaseke ndikamalowa m'tchalitchi. Sindiwaimba mlandu. Ndinaziputa ndekha.

Mayi a kunyumba atamwalira, tulo tinandithawa, msana unauma ngati mpini, magazi nawo n'kumathamanga. Anesi a ku kiliniki kwathu ku Pembamoyo anandipatsa mapiritsi, nandiphunzitsanso zimene amati yoga: kudziwongola pang'onopang'ono, kupuma mozama, pomaliza kugona chagada osagwedeza ngakhale chala. (Ndinawafunsa ngati mulibe mafano m'menemo. Anati, "Abambo, muli msana wanu chabe.") Zinandithandizadi. Tulo tinabwerera, mtima unakhazikika, kumunda ndinkawerama osabuula.

Koma ine ndine mkulu wa mpingo, ndiye sindinauze munthu.

M'mawa wina kutatentha ndinayala mphasa kuseri kwa nkhokwe. Nditafika pogona chagada paja, maso ali tseke, ndinamva Anaphiri, oyandikana nawo nyumba: "Odi! Tibwerekeko lichero!" Ndinangokhala chete, poganiza kuti abwerera. Mapazi anayandikira, kenaka anaima.

"Mayo ine! Atsata akazi awo!"

Apa mpamene munthu wanzeru akanadzuka. Ine ndinayamba kaye kulingalira mawu aulemu ofotokozera chifukwa chimene mkulu wa mpingo wagonera pambali pa nkhokwe dzuwa lili pamwamba. Ndimaganiza mochedwa. Mawuwo ndisanawapeze, amayi anali atandizungulira, wina atapalasa kale njinga kukauza abusa ku Mlolo.

Anafika mphwanga, mwana wa mlongo wanga, akulira kuposa onse. Kulira kutatsika pang'ono ndinamumva akunong'ona: "Njinga ya amalume ili kuti? Tiisunge isanasowe."

"Anali munthu wabwino," anatero Anaphiri akufwenthera. "Koma mapemphero awo kutalika! Akati atseke msonkhano, kunyumba ndiwo zapserera."

"Ee, tipumako," wina anavomera. (Mawu ake ndinawazindikira. Amakhala benchi lachiwiri.)

Kunena zoona, apa ndinasiya kufunafuna mawu. Ndinkamvetsera.

Kenaka mayi wina wachikulire anati, "Mangani chibwano asanaume." Nsalu itandikhudza pakhosi ndinatsegula maso n'kunena, mofatsa monga ndinaleredwera, "Zikomo amayi, musavutike."

Anaphiri analumpha mpanda wa udzu umene mbuzi zanga zimaulephera. Mphwanga anathawa pampu ya njinga ili m'manja, ndipo sinabwerenso.

Abusa anafika masana, thukuta lili kamukamu, ulaliki wa maliro uli m'thumba. Ndinawafotokozera zonse, mpaka ndinagonanso pamphasa kuwasonyeza. "Akulu," anatero, "pitirizani, koma muzilengeza."

Ndiye masiku ano ndisanayale mphasa ndimaimirira pakhomo n'kufuula, "Anaphiri, ndikufa pang'ono!" Iwo amayankha, "Ifani bwino!"

Mapemphero anga okha sindinafupikitse. Ndawonjezamo mayina a amene ndinawamva tsiku lija.