Gadi wa Amake Tisa

Nkhani iyi ndaibisa zaka zambiri, koma poti akazi anga amaikamba paliponse pamene pakhala anthu oposa atatu, bola ndiinene ndekha. Ndi yochititsa manyazi, ndipo chitsiru chake ndine.

Zinachitika ku Katete, zaka zija tinkaima pamzere kulimbirana sopo ndi saladi wophikira. Ine ndinali kalaliki pa depoti ya thonje. Akazi anga, amake Tisa, ankagulitsa maayisi buloku, chifukwa tinali ndi firiji. Inde, firiji! Pamzere wathu wonse wa nyumba inalipo imodzi yokhayo, ndipo tinkaisunga kuchipinda, pafupi ndi bedi, kuopa alendo okonda kutsegulatsegula.

Malaiti a masiku amenewo anali ngati chidakwa. Kuchoka osatsazika, kubwera mokankha chitseko. Akabwera ndi ukali mababu ankaphulika, ndipo wailesi ya aneba athu inafuka utsi ili pakati pa nyimbo. Koma ine za malaiti sindinkasamala. Chimene chinkandidya n'chakuti amake Tisa anali chiphadzuwa, ndipo ine nsanje ndinabadwa nayo.

Lolemba lina masana ndinabwerera kunyumba nditaiwala makiyi a kuofesi. Ndili kuseri kwa mpanda, ndinamva akazi anga akucheza ndi mnzawo, amake Dailesi, uku akuchapa.

"Gadi uja abwera liti?" anafunsa amake Dailesi.

"Lachisanu, kuchokera ku Chipata. A Saidi akonza zonse."

"Atate a Tisa akudziwa?"

"Aaa, ayi! Adzangoona wafika. Ine ndatopa kugona ndi mantha, anzanga."

"Mudzamuika kuti?"

"Kuchipinda, nanga kuti? Pambali pa bedi pomwepo."

"Ine ndinamuona. Kamfupi, koma mphamvu zake! Akuti sagona, usiku ndi usana ali pa ntchito."

Anaseka mpaka kuombana m'manja. Ine ndinabwerera osalowa m'nyumba. Makiyi aja sindinawatengenso.

Gadi wamfupi, wamphamvu, wosagona. Ndinalibe chifukwa choganizira patali. Pa depoti pathu panali Jailosi, mlonda wa pageti, munthu wofupika ngati chitsa, wa mikono ngati mitondo. Tsiku lililonse ankabwera kwathu kudzagula ayisi buloku. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, kuyamwa ayisi buloku tsiku ndi tsiku! Bwanji sindinaone msanga?

Nditafika pa depoti ndinapeza pageti pali wina.

"Jailosi ali kuti?"

"Wapita ku Chipata, bwana. Watenga livi. Abwera Lachisanu."

Lachisanu! Ndinakhala pa belo la thonje mpaka mutu unasiya kuzungulira.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinangowafunsa akazi anga. Ndinawafunsa, koma mwaukatswiri. Lachiwiri m'mawa ndinawapeza atakankha bedi, akusesa ndi kukolopa pakona ya firiji, akuimba.

"Kodi tikuyembekezera mlendo?"

"Mudzaona Lachisanu," anatero akumwetulira. "Mudzandithokoza."

Ndidzawathokoza!

Lachitatu ndinapita kusitolo kwa a Saidi. Anali Msilamu wolemekezeka, wobadwira ku Malawi, wogulitsa mababu, mabatire ndi mapulagi. Ndinawapeza akuchokera kumzikiti, kofia ili kumutu.

"A Saidi, ndamva kuti mukuwabweretsera akazi anga gadi."

"Ho! Mwamva kale? Anati ndisakuuzeni. Koma musadandaule, a Sakala, ndi wabwino kwabasi. Akazi anga nawo ndinawapezera."

"Akazi anu omwe?"

"Eya. Mwezi wachitatu uno."

"Ndipo inu simudandaula?"

"Ndidandaule chiyani? Manje ndimapita ku Lusaka kukaoda katundu mtima uli m'malo. Ndimadziwa kuti kunyumba kuli wosamalira zinthu. Mwamuna sungakhale paliponse, a Sakala. Iwe uli kuntchito, zinthu zabwera mwamphamvu kunyumba, udzatani?"

Ndinatuluka osatsazika. Ndinati dziko latha. Munthu wa mapemphero kasanu patsiku!

Lachinayi ndinanama kuntchito kuti dzino landivuta, n'kukwera basi ya ku Sinda kukatenga ankhoswe athu, a Mbewe, amalume awo a akazi anga. Ndinawapeza m'dimba akuthirira repu. Nditawafotokozera, anaika kheni pansi.

"Mkamwini, mawu amenewa ndi olemera. Mwaona ndi maso?"

"Ndamva ndi makutu awa. Tsiku ndi mawa. Wobweretsa ndikumudziwa, wobwerayo ndikumudziwanso."

Anavala jekete yawo ya kumaliro, tinanyamuka.

Lachisanu masana pakhomo pathu panali ngati pabwalo la milandu. A Mbewe pampando, ine chiimire ndi ndodo ya khasu m'manja. Amake Tisa anali atawaphera amalume awo nkhuku, osadziwa chimene abwerera. Aneba ataona jekete ija anayamba kutulukira mmodzimmodzi, wina ngati akudzapempha mchere, wina machesi. Palibe anabwerera.

A Mbewe anakonza pakhosi. "Mwanawe, amuna ako ali ndi dandaulo. Akuti ukufuna kulowetsa gadi m'nyumba."

"Inde, amalume."

Anthu anati, "Hii!"

"Kuchipinda?"

"Inde. Nanga akakhala pabalaza agwira bwanji ntchito?"

Mayi wina anagwira kumutu. Ine ndinakuwa, "Mwamva nokha! Zaka zisanu ndi zitatu ndikukuveka, ndikukudyetsa, ndinakugulira firiji Katete yense akuyang'ana! Chimene ndikulephera ine n'chiyani choti Jailosi akutha?"

"Jailosi?" Akazi anga anandiyang'ana ngati ndavula pamsika. "Jailosi walowapo bwanji?"

Nthawi yomweyo, ngati wachita kuitanidwa, Jailosi anatulukira pageti, kachikwama ka ulendo kali paphewa, thukuta lili kamukamu. Anali atangotsika basi.

"Odi kuno! Amayi, muli nawo ofiira aja? Kwatentha."

Ndinanyamula ndodo ija. Jailosi anaponya chikwama n'kulumpha mpanda, munthu wamfupi ngati uja, osaukhudza n'komwe. Ndinathamangira kugeti kuti ndikamudulire kutsogolo, ndipo ndinagundana ndi njinga ya a Saidi. Tonse pansi, phuu!

A Saidi anadzuka, anakutumula fumbi pa mkanjo, n'kuyamba kupapasa m'thumba mwawo mwankhawa.

"Mwamwayi sanasweke. A Sakala, mukanamupha gadi wanu asanayambe ntchito."

Anatulutsa kabokosi koyera, kokwana m'dzanja limodzi. Kumbuyo kanali ndi mano atatu a pulagi, kutsogolo mabowo atatu ndi timagetsi tiwiri.

"Uyu ndiye firiji gadi," anatero a Saidi. "Malaiti akabwera ndi mphamvu yopitirira, iye amatseka njira kuti firiji isapse."

Pabwalo ponse nkhuku zokha ndizo zinkayenda.

A Mbewe anatenga kabokosi kaja, anakatembenuza uku ndi uku, anakanunkhiza.

"Mkamwini, ndasiya repu wanga akufota. Mwamuna wolanda banja lanu uja ndi ameneyu?"

Amake Dailesi ndiwo anayamba. Anaseka mpaka kukhala pansi, chitenje chili pakamwa. Kenako bwalo lonse. A Saidi atauzidwa chimene ine ndinkaganiza pa za akazi awo, kuseka kunawathera, anangoti, "Astaghafirullah, a Sakala!" Akazi anga okha ndiwo sanaseke. Maso anali atafiira.

"Ndinkafuna kukusangalatsani," anatero motsitsa. "Firiji ija ikapsa, tidya chiyani? Inu m'malo mondifunsa mwakaitana amalume."

Apo ndiye pamene manyazi anandilowa mpaka m'mafupa. Ndinagwada pafumbi pomwepo n'kupepesa. A Mbewe anagamula kuti Jailosi ndikamupepese ndi tambala, ndipo gadiyo ndimulowetse kuchipinda ndekha, ndi manja anga, anthu akuona.

Tinalowa tonse amene tinakwanamo, otsala anasuzumira pawindo. Ndinakwawira kuseri kwa firiji, matako m'mwamba, a Saidi akulangiza.

"Zimitsani kaye siwichi. Zulani pulagi ya firiji. Gadi alowe kukhoma, firiji ilowe mwa gadi. Musalumikizepo ayironi kapena chitofu, si ntchito yake. Manje yatsani."

Ndinayatsa. Kagetsi kachikasu kanayaka, koma firiji inangoti duu. Osalira, osanjenjemera.

Mtima unadumpha ndi chimwemwe. Mwina ndipulumukira pomwepa! Ndinadzuka, kangaude ali m'tsitsi.

"Mwaona? Chinthu chanuchi n'chakufa! Chapha firiji yanga! Ndinadziwa ine kuti m'nyumba muno simuyenera..."

Kagetsi kobiriwira kanati phethi, firiji inayamba kung'ung'udza bwinobwino.

"Ndi mmene amagwirira ntchito," anatero a Saidi. "Malaiti akabwera, iye sathamanga. Amayamba wadikira mphindi zingapo, aone ngati zinthu zili bwino, kenako ndiye amatsegula."

Amake Tisa anapinda manja pachifuwa, n'kutembenukira kwa a Saidi.

"A Saidi, mukapitanso ku Chipata mukafunse ngati alipo wa saizi yaikulu. Uyu ateteza firiji. Ndikufuna wina woti ndiwalumikize atate a Tisa."

Ndinaphunzira mochedwa kuti m'nyumba mwathu chinthu chobwera ndi mphamvu yopitirira sichinali malaiti.