Sisitimu Yanga Sidzafika pa Nambala 2

Amene akuti ndine wabodza atsike minibasi ino, akafike ku Lusaka wapansi! Ine Zulu wa ku Nangongwe ku Kafue, wokonza mafoni, ndinapanga ndi manja awa sisitimu, pulogalamu ija yoyendetsa zonse za m'foni, yamphamvu moti asodzi a ku Chanyanya akaika foni m'bwato bwatolo linkadzipalasa lokha, nsomba n'kumaimba kufunsa kumene kuli ukonde, ng'ona nazo n'kumabwereka chaja. Mukumva? Foni yanganso inkayendera yomweyo, ndipo m'menemo ndinkasungamo uthenga wa mawu wa malemu mkazi wanga, amake Tisa. Mawu awo kwina kulikonse kulibe.

Kenaka ine ndi mnzanga wa m'shopu, ba Mwale, tinakonza yatsopano, yoti ikatuluka imalowa yokha m'foni iliyonse, yothamanga moti uthenga unkafika ku Shimabala usanaulembe. Iwo akuti, "Iyi tiitche nambala 2, anthu amagula nambala." Ine ndinati ayi, kupaka nyumba penti si kumanga ina. Liwiro, mitundu yowala, zonsezo ndi 1.1, 1.2, basi. Nambala yaikulu umaisintha ukagwetsa maziko, zakale zikayamba kukana kutseguka, chifukwa nambalayo ndi chenjezo kwa munthu lakuti konzeka, pali chimene utaye.

Ba Mwale anaseka. "Ndiye ndi 2 ndithu, mdala. Mauthenga akale a mawu satseguka m'menemu."

Abale inu! Ananena zoona, ndipo anandigwira ndi lamulo langa lomwe.

Ndinakana kuitulutsa. Ba Mwale anakwiya n'kusamuka m'shopu, mabwana a kunja anabwera pa ndeke n'kutera pamlatho wa kwathu, kundigwadira kuti ndiitulutse, kundilonjeza mtsinje wonse wa Kafue ndi mvuu zake, ine n'kungoti pepani, ndizingosoka zigamba pa yakaleyo, ndipo ndasoka, ndasoka, moti lero manambala a kuseri kwa kadontho atalika mpaka ana amadumphira chingwe. Anthu akudandaula kuti mafoni akuchedwa. Ndikudziwa, ndipo zimandipweteka. Kaya ndinachita bwino kaya ndi kudzikonda, sindinapezebe yankho.

Mukukayikabe? Kondakita, tsitsa wailesiyo. Nayi foni, tamverani.

"Atate ake Tisa, siyani mabodza kumeneko, bwerani kunyumba."

Mwamva? Inu nonse mumangondinena chamumtima. Wondiuza pamaso anali mmodzi yekha, ndiye nambala 2 idikire ndife kaye.