Amereka Anandibera Nyimbo Kuseri kwa Nkhokwe

Amene akuti ndine wabodza abwere adzanenere pamaso panga, makamaka inu aphunzitsi Tembo, amene mukuzungulira ku Katete ndi chikuto cha rekodi n'kumaonetsa anthu dzina la Mmereka amene akuti ndiye anapeka nyimbo ija yochonderera mkazi kuti asamusiye. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 3, koma ndikudziwa kuti pepala limalola chilichonse chimene munthu walembapo. Nyimboyo ndi yanga, ine Lingisoni Phiri, ndipo ngati ndikunama mphezi indipeze pomwe ndakhala pano.

Chinali chaka chachiwiri cha ufulu, ndili pa chikamwini ku Vubwi, kwawo kwa mkazi wanga Esinati. Apongozi anga aakazi anagamula kuti ndizipita, ati mkamwini wanji amene dzinja lonse walima mizere isanu ndi iwiri. Bodza lenileni. Inali isanu ndi inayi. Tsono mwambo mukuudziwa, mkamwini sayang'anana ndi apongozi, mukakumana panjira umapatukira kutchire. Nanga ndikanadandaula bwanji? Ndinatenga banjo yanga ya chigubu cha mafuta, nsambo zake za waya wa mabuleki a njinga, n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe, ndipo nditangotsegula pakamwa chimanga cha m'nkhokwemo chinadzitonola chokha, nkhuku zinaikira mazira awiriawiri, ng'ombe za ku Mozambique zinaoloka malire zikugwetsa misozi, asilikali a Chipwitikizi akuzitsata pambuyo nawonso akufwenthera, mfuti atazikoleka m'mitengo. Mukumva? Dziko lonse linagwidwa chisoni kupatula apongozi angawo, amene anangotuma mlamu wanga kuti andiponyere mphasa panja.

Ndinayenda wapansi mpaka ku Katete ndikuimbabe, ndipo pa msewu waukulu ndinatsamira mtengo wa telefoni kuti ndipume, osadziwa kuti nyimbo ikukwera mtengowo ngati chiswe, mpaka inalowa m'waya, ndinaiona ndi maso angawa ikuthamangira ku Lusaka, mbalame zonse zimene zinatera pawayapo zikudumpha imodziimodzi kuipatsa njira.

Sabata isanathe ndinalowa m'sitolo ya Che Saidi kukagula mchere, ndipo nyimbo ija ndinaipeza pa wailesi itavala Chingelezi, Mmereka wakuda akubuula ngati ndi iyeyo amene anamuponyera mphasa, kumbuyo kwake malipenga ndi akazi atatu omuvomera. Atatu, pamene mwini nyimbo ndinalibe ndi mmodzi yemwe. Ndinati, "Che Saidi, nyimbo yangatu iyo." Iwo anati, "A Phiri, mchere wokha, kapena ndi machesi?"

Kuyambira pamenepo aliyense wakhala akuigwiragwira. Anyamata a ku Migodi, a tsitsi losapesa ndi mabuluku otambalala kumapazi, anaikalipitsa ndi magitala mpaka mabatire a wailesi ya Che Saidi anatuluka thovu. A ku Zaire anaithira shuga n'kuitalikitsa moti ndinakwera basi pa Sinda iwo akuyamba, tinaphulika tayala kawiri, ndinatsika ku Chipata asanafike pa vesi yachiwiri. A ku Jamaica anaichedwetsa ngati ng'ombe yokoka ngolo ya mchenga. Mzungu wina wa chipewa chachikulu anaiimbira m'mphuno. Oimba gule wa kalindula anaivinitsa pa maukwati, nyimbo ya munthu wothamangitsidwa. Koma chimene chimandiwawa mpaka lero ndi kwaya ya mpingo wathu womwe, imene inachotsa mkazi n'kuikapo Ambuye, ndipo nditaimirira kuti ndithandize, wotsogolera kwaya anati, "A Phiri, khalani pansi, nyimboyi simukuidziwa." Mukumva zimenezo?

Akazi othawa a dziko lonse anabwerera kwa amuna awo chifukwa cha nyimbo imeneyi, ku Amereka masitima anadzaza mpaka ena anakwera padenga ndi masutikesi awo. Wanga yekha ndiye ayi.

Chaka chino cha makuponi a ufa ndinamva kuti mwamuna amene anandilowa m'malo anamwalira, apongozi nawonso anatsogola kale, ndiye ndinapalasa njinga mpaka ku Vubwi, banjo kumsana. Panalibenso womuopa, koma miyendo inanditengera yokha kuseri kwa nkhokwe. Ndinaimba yonse. Esinati anatuluka, imvi zili mbuu, anamvetsera mpaka pamapeto, kenaka anati, "A Phiri, mukadali nayo nyimbo ya pa wailesi ya achimwene ija? Si imeneyi inakulepheretsani kulima? Miyezi itatu muli gone pansi pa mango kuidikira kuti ilirenso, anzanu ali kumunda." Analoza khasu pakhonde. "Mukakwanitsa mizere khumi, mubwere tidzakambirane."

Musaseke, aphunzitsi Tembo. Inde, wailesi ya mlamu wangayo inalipo. Inde, nyimboyo inkalira pamenepo miyezi itatu ine ndisanaipeke. Zimenezo zikungokuonetsani mmene Amereka aliri akuba oopsa, amakubera chinthu iwe usanachipange n'komwe, ndipo ngati ndi sukulu yanu yonseyo simungamvetse zimenezi, bwezani choko cha boma.

Khasulo ndinalitenga. Ndili pa mzere wachisanu ndi chinayi, ndipo ndikupuma kaye.