Goloboyi wa Timu Yoyamba

Lolemba

Tadala, mwana wanga, walowa timu ya mpira ya atsikana pa koleji yawo ku Blanchardstown, kuno kutsidya kwa nyanja. Watengera ine, nanga ndani winanso. Kochi wawo akuti ndipite Loweruka ndikawafotokozere za timu yathu yoyamba ya pa koleji ya ntchito zamanja kumudzi, kalekale ndili ndi tsitsi. Chaka chimenecho ine goloboyi sindinamwetsedwe chigoli ngakhale chimodzi. Tadala nkhaniyi wakhala akuimva chibadwire, ndipo waikamba kale kwa timu yonse. Zofunika:
chithunzi cha timu,
mboni imodzi,
kuchepetsako mimba.
Masiku asanu. Kwa munthu ngati ine ndi ambiri.

Lachiwiri

Zolimbitsa thupi zayamba. Ndathamanga kuchokera pakhomo pano pa Finglas mpaka pokwerera basi. Galu wa agogo ena wandipitirira, galu wake wa miyendo itatu. Kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba, ndagwetsa thireyi ya tiyi wawo. Ba Mwanza, mnzanga wa ku Zambia uja: "Ba goloboyi, kapu nayo inali ya penate?" Nsanje basi. Ndapeza nambala ya Bwanali, kaputeni wathu, ali ku Zomba. Ndamupempha chithunzi ndi mawu pang'ono onditamanda.

Lachitatu

Chithunzi chafika. Anyamata aima mizere iwiri, malaya aliyense mtundu wake. Ine ndili kumapeto, pampando, mwendo uli mu pulasitala, ndodo m'manja.

Mawu afikanso. Bwanali theka akulankhula, theka akuseka. Wakumbuka zonse. Gemu yoyamba, koyenda. Tinamva kuti eni bwalo akwirira mankhwala pageti, ndiye lamulo linali loti aliyense alowe chodumpha mpanda. Anzanga anadumpha bwinobwino. Ine ndinati ndisankhe potalika kuti atsikana aone. Kuseri kunali ngalande. Mwendo thyo. Mpira wa chaka chimenecho sindinaukhudze, pagolo panaima mnyamata wa ukalipentala wosaona bwino, ndipo tinagonja magemu onse kupatula ija adani sanabwere. Ine ndimakumbukira ndithu. Ndimangoyesa kuti ena onse anaiwala kapena anamwalira.

Lachinayi

Ndayesa kudula chithunzi pafoni. Ndikachotsa mwendo, mpando ukutsala. Ndikachotsa mpando, ine ndikuchoka nawo. Ndamuchonderera Bwanali kuti ajambule mawu ena. Akuti pano ndi mkulu wa mpingo, bodza anasiya. Watumiza kachidule: "Anali munthu wolimbikitsa anzake, mawu ake ankamveka bwalo lonse." Palibe mpira m'menemo, koma ndi yomweyo. Amayi a Tadala akuti, "Ingomuuzani mwanayo, bambo." Kunena n'kosavuta. Matenda amene ndingadwale pofika Loweruka:
chimfine,
msana,
malungo, koma kuno angandigoneke m'chipatala mwezi wathunthu.

Lachisanu

Ndatsimikiza, lero ndimuuza. Tadala wabwera ndi magolovesi atsopano, akuti atsikana akufuna akandiyese mapenate. Ndamuitana kuti akhale pansi. Wakhala, akundiyang'ana ndi maso aja ankandiyang'ana nawo ali kamwana. Ndatsegula pakamwa. Chimene chatuluka ndi chakuti tsiku lina ndinagwira penate ndi dzanja limodzi, linalo ndikudya chinangwa. Wati, "Tell them that one, Dad." Pakamwa panga pamafunika loko.

Loweruka

Mvula, mphepo, atsikana atazungulira. Ndayamba bwino kwambiri, kochi mpaka kugwedeza mutu. Chithunzi ndati chinadyedwa ndi chiswe. Kenako ndati mverani mboni. Alumikiza foni yanga ku sipika. Zala zazizira, magalasi ndaiwala kunyumba. Ndadina mawu a Lachitatu aja m'malo mwa a Lachinayi.

Bwanali akuseka bwalo lonse. Geti, mpanda, ngalande, pulasitala, zonse. Batani lozimitsira silikuoneka. Atsikana sakumva Chichewa, akungomwetulira. Pagulu lonselo womva ndi mmodzi. Tadala Chichewa sayankha, koma amamva mpaka chifuwa cha munthu. Kochi wamupempha kuti amasulire. Tadala wawauza m'Chingerezi kuti mkuluyu akuti inali timu yabwino. Basi. Anzake aomba m'manja.

Mapenate onse alowa. Mpira umodzi ndaugwira ndi khutu, walowabe. Pobwerera Tadala wakhala pamwamba m'basi yansanjika, ine pansi.

Lamulungu

Kutchalitchi sindipita, thupi lonse lili ngati yandiponda lole. Tadala sanakalipe. Bola akanakalipa. Wangoika kope ndi cholembera patebulo. Akuti ndilembe nkhani zonse zimene ndinamuuzapo, ndichonge zimene zinachitikadi, kuti adziwe zoti azikamba kwa anthu. Ndalemba ya ng'ona, ya nduna imene inandipempha malangizo, ya njinga yopanda mabuleki pa phiri la Zomba. Ndili pa tsamba lachitatu. Ndachonga imodzi yokha, yoti amayi ake anandikana katatu. Amayi ake adutsa ndi tiyi, asuzumira m'kopemo. Akuti kanali kasanu. Ndafufuta.