Ovaova ya Alamu Anga Siilowa Madzi

Lolemba

Yafika! Ndakaitenga ndekha kudepoti, kwa kondakitala wa basi ya ku Joni.

Ndi wailesi ya m'manja ya panyanja. Anthu wamba amati ovaova. Yachikasu, eliyo yakuda, kukula kwake ngati chitsononkho. Pakatoni alemba ndi zilembo zazikulu kuti siilowa madzi.

Si yanga. Ndi ya alamu anga a Yotamu, achimwene awo a mayi a kunyumba kuno, amene amayendetsa boti la injini kuchoka ku Nkhata Bay kupita ku Usisya ndi midzi ina yosafikako galimoto. Wawatumizira ndi mwana wawo wa ku Cape Town. Abwera Loweruka kudzaitenga.

Chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Chaka chatha, nyengo ngati ino ya mwera, injini inawathimira pakati pa nyanja, boti lili lodzaza, muli ndi mayi woyembekezera yemwe. Foni inanyowa. Anapezeka mawa lake masana, mphepo itawakankhira kutali. Akazi anga sanadye, anangokhala pakhonde foni ili m'manja. Tsopano eni maboti angapo agwirizana kuti aliyense akhale ndi ovaova, ina izikhala padoko.

Ndiye kanthuka si choseweretsa.

Vuto ndi limodzi: buku lake lonse ndi Chingerezi, tizilembo ngati nyerere. Alamu sukulu anailekera Sitandade 6. Mwamwayi m'banja muno muli munthu amene wakhala hedimasitala zaka makumi awiri ndi ziwiri.

Dongosolo:
Lachiwiri, kuwerenga buku ndi kutchaja.
Lachitatu, kuyesa mawu.
Lachinayi, kuyesa madzi.
Lachisanu, kulemba malamulo m'Chichewa patchati.
Loweruka, phunziro. Ola limodzi ndi theka, mafunso kumapeto.

Mayi akuti, "Bambo a Tamanda, bwanji mungoisiya m'katoni mwakemo?" Akazi anga ndi munthu wabwino, koma za sayansi ayi.

Lachiwiri

Pulagi yake ndi ya ku Joni, mano obulungira. Soketi zathu n'za makona. Sikulowa.

Ulendo wa kumsika, mvula ikuwaza, kuzizira kwa Mzuzu uja. Che Saidi, wogulitsa ndi kukonza za magetsi, andipezera adaputa. Aitembenuza wailesi kawiri. Akuti, "Ahedi, yabwino kwabasi. Koma mwini wake akudziwa kuti mwaitulutsa?" Funso losafunika.

Ndafika kunyumba, magetsi azima.

Palibe kanthu. Ndakhala pazenera ndi buku. Malamulo amene ndapeza:

Osadina batani loyankhulira eliyo isanamangidwe.
Eliyo iime chilili, italikire nkhope.
Tchanelo 16 ndi ya ngozi ndi kuitanirana. Si pochezera.
Osatchaja ili yonyowa.
Kachingwe kake kazikhala pamkono nthawi zonse.
Dina, yankhula, siya. Ukapanda kusiya batani, mnzako sumumva.

Lomalizali ndaliwerengera mayi mokweza. Akuti, "Limenelo lilembeni kawiri, lina likhale lanu."

Ndalekera tsamba 19. Onse alipo 64, koma mabuku a azungu amangobwerezabwereza. Mphunzitsi amadziwa pamene nkhani yathera.

Magetsi abwera cha m'ma 3. Kanyale kofiira. Kenako kobiriwira. Zikuyenda!

Lachitatu

Ndayatsa. Shiii. Tchanelo ina. Shiii. Ndazungulira zonse, palibe ngakhale wotsokomola.

Buku likuti mawu ake amayenda molunjika, nyumba ndi mapiri zimatchinga, munthu akwere pamtunda. Pamtunda tili napo, m'mbali mwa nkhalango ya Kaning'ina, kuseri kwathuku. Ndatenga a Gondwe, oyandikana nafe nyumba, kuti akhale mboni. Iwo atenga ambulera.

Takwera mphindi makumi anayi. Chifunga chokhachokha. Ndaima pachitsa, eliyo chilili, kutali ndi nkhope. Tchanelo 16 ndaipewa, monga mwa lamulo.

Ndati, "Mzuzu kuitana Nkhata Bay, Mzuzu kuitana Nkhata Bay, ova."

Shiii.

Katatu konse.

A Gondwe akuti, "Kasi mukuyowoya na njani, adada? Kuti munthu ayankhe si afunika akhale nayo inzake?" Ndawafotokozera kuti cholinga cha lero si kuyankhidwa.

Potsika takumana ndi amayi atatu atasenza nkhuni. Aona chovala changa chamvula chakuda, aona ovaova. Nkhuni pansi, liwiro! Ndafuula kuti sindine wa zankhalango, koma ndafuula wailesi ili pakamwa, ndiye athawa kwambiri. Tawasanjira mitolo yawo pambali pa njira. A Gondwe aseka mpaka kukhala pansi.

Kenako ndaterereka. Thalauza matope, chigongono chasupuka. Wailesi? Ili lende pamkono, osakhudza pansi. Lamulo la kachingwe latsimikizika! Ichi ndidzawauza alamu ngati chitsanzo chamoyo.

Masana ndapeza pachikuto chakumbuyo kuti kuyankhulira pamtunda popanda chilolezo n'kosaloledwa. Ine sindinayankhule. Ndinangoyesa.

Lachinayi

Mmawa.

Tsiku lalikulu. Bigiri lodzaza madzi, pakhonde. Mayi aima pakhomo manja ali m'chiuno. Akuti, "Ikamira, inunso mulowe momwemo."

Ndaponya.

Yayandama! Chagada, kanyale kakuthwanima kuti munthu aione itagwera m'nyanja. Ndaivuula, ndaipukuta, ndayatsa. Shiii wake yemwe uja, wathanzi. Mayi angoti "Hmm," apita ku kwaya. Hmm ameneyo ndamulandira ngati kupepesa.

Yauma bwinobwino, ndaibwezera pachaja. Lamulo ndi lamulo.

Masana.

A Gondwe abwera ndi akazi awo, alongo a akazi awo, ndi bambo wina wogulitsa nthochi amene amangodutsa. Akuti amva kuti pali wailesi yosambira. Munthu sungabweze anthu ofuna kuphunzira.

Ndaizula pachaja, ndaponya m'bigiri. Yayandama. M'manja! Mayi Gondwe akuti, "Yewo chomene, taona zachilendo." Wa nthochi akuti kuyandama n'kosavuta, ngakhale chikho chimayandama. Ndiye ndatenga mthiko, ndaikanikizira pansi, ndikuwerenga mokweza mpaka makumi atatu.

Tithovu.

Mmawa kunalibe tithovu.

Ndaivuula. Kagalasi kake kachita chifunga mkati. Ndayatsa. Yalira ngati munthu akutsuka kukhosi, kenako zii.

Ndawauza kuti ikupuma. Abalalika okhutira.

Tsamba 23: "Kachitseko ka labala ka pabowo lotchajira katsekedwe zolimba wailesi isanayandikire madzi. Kakakhala kotsekula, wailesi imalowa madzi ngati ina iliyonse." Alemba ndi zilembo zakuda, m'bokosi, pali ndi chithunzi. Nkhani yofunika chonchi kuiika tsamba 23! Olemba mabuku ena sanaphunzitseko.

Sindikutekeseka. Aliyense amadziwa kuti mpunga umayamwa madzi. Ndaikwirira mkati mwenimweni mwa ndowa ya mpunga wa ku Karonga, m'chipinda chosungira katundu, kachitseko kali kotsekula kuti chinyezi chituluke. Mawa idzuka. Katoni ndaitseka, ndaibweza pamwamba pa kabati.

Mayi abwera akuimba. Akuti, "Mwaisunga?" Ndati yasungidwa malo ouma kwambiri. Silinali bodza.

Lachisanu

Ndadzuka ndi mphamvu. Ndakagula pepala la tchati ndi zolembera ziwiri. Lamulo la kachitseko ndaliika nambala 1, lofiira.

Cha m'ma 10 ndalowa m'chipinda chija.

Ndowa palibe.

Pali chizindikiro chake chokha pasimenti, chozungulira.

Mayinso palibe. Mayi Gondwe akuti, "Apita ku Mzilawaingwe, ku chinkhoswe cha mwana wa mnzawo wa ku kwaya. Anyamula ndowa, akuti ndi chopereka chawo."

Ndakwera njinga ya kabaza. Ndamuuza mwini wake kuti ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Pachitunda wandipempha nditsike, tikankhe.

Ndapeza amayi oposa khumi kuseri kwa nyumba, malichero pamiyendo, akusankha mpunga. Miphika ili pamoto. Onse akundiyang'ana. Pa njerwa, pakati pa bwalo, pali chinthu chachikasu chikunyezimira.

Zimene ndamva, motsatana:

Anaipeza ndi mayi wina potapa mpunga, anakuwa.
Ena amati ndi ya apolisi, pali amene akutchera khutu.
Ena amati ndi mankhwala, mpunga wonse utayidwe.
Akazi anga anali kukatunga madzi. Pobwera anangoti, "Ndi ya achimwene anga."

Ndafunsa chifukwa chake ikunyezimira. Mayi wina wachikulire, wokoma mtima, akuti, "Inali mbuu ndi fumbi la mpunga, adada, ndiye ndaitsukako ndi sopo. Musadandaule, tamva kuti siilowa madzi."

Kachitseko kali pululu.

Ndathokoza. Ndanena yewo. Ndikanatani?

Akazi anga sanakweze mawu. Andiperekeza mpaka pamsewu, akuti, "Lolemba achimwene ali ndi ulendo wa ku Usisya. Mwera wayamba. Mwamva?" Abwerera ku malichero.

Ndadzera kwa Che Saidi. Aigwedeza pafupi ndi khutu. Akuti, "Mpunga ndi wodya, ahedi. Fumbi lake limangotseka timabowo. Mukanachotsa batire pomwepo, osayatsa." Ndati ndinayatsa kamodzi kokha. Andiyang'ana. Ndati kanayi. Akuti kuitsekula sangayerekeze, labala wa mkati akang'ambika ndiye yatheratu.

Tchati ndamaliza. Chaoneka bwino kwambiri.

Loweruka

Alamu afika cha m'ma 9 pa minibasi, atanyamula nsomba ya batala yowamba m'nyuzipepala. Tchati chili pakhoma, mpando wawo ndauika kutsogolo.

Ndinakonza kuyamba ndi mbiri ya wailesi, nkhani ya ngozi ibwere kumapeto ngati chitsanzo. Mayi alowa, aika wailesi patebulo, akuti, "Auzeni."

Ndawauza. Bigiri, mthiko, mpunga, sopo. Za amayi a nkhuni ndasiya.

Alamu sanaseke, sanakwiye. Aitola. Chala chimodzi kumbuyo, kwatsa, batire yachoka. Ine loko ameneyo sindinamuone sabata yonse. Amasula eliyo, aigwedeza chozondotsa, madontho pa tebulo. Apempha kansalu kouma ndi burashi yakale ya mano, achotsa fumbi pa timabowo ta sipika. Ayala zonse pazenera, pamphepo, posafika dzuwa.

Ndafunsa kuti zimenezi anaziwerenga kuti.

Akuti, "Alamu, zaka zisanu ndi zinayi ndinagwira m'sitima za nsomba ku Cape Town, musanakwatire mlongo wangayu. Izi timagona nazo m'thumba. Kumeneko madzi ndi amchere, tikaweruka timazitsuka ndi madzi abwino. Kachitseko kotseka."

Ndayang'ana akazi anga. Akuti, "Simunafunse."

Phunziro latenga mphindi khumi, ndipo wophunzira ndinali ine. Tchati aliwerenga mpaka pansi, mwaulemu. Akuti zonse n'zoona, koma ndiwonjezere kuti poitana pa ngozi munthu atchule dzina la boti, pamene ali, ndi anthu angati, pang'onopang'ono. "Mantha amathamangitsa pakamwa," akutero. Ndalemba.

Ndafunsa ngati idzuke. Akuti, "Mwina. Mawa madzulo ndiyesa. Ikakana, ndipita chomwecho, monga kale." Mayi atuluka panja, akakhala nthawi yaitali akuanula zovala zomwe sizinaume.

Anyamuka masana, zidutswa atazikulunga m'kansalu. Ndati ndiwanyamulire mpaka pa siteji. Akuti, "Yayi, alamu, musavutike." Aziika m'thumba la malaya, adina batani la thumbalo.

Lamulungu

Kutchalitchi ndapempherera chinthu cha batire. Sindikudziwa ngati n'zololedwa.

M'nyumba mawu ndi ochepa. Tiyi ndapatsidwa, koma kapu yaikidwa patali.

A Gondwe adzafunsa ngati lero kuli chionetsero. Ndati nyengo ya zionetsero yatha.

Cha m'ma 4 foni yalira. Ya mayi, osati yanga. Ndi alamu. Ayankhula Chitonga chothamanga, ine ndikungotola "eya" ndi "yewu". Kenako akhala pansi, aphimba kumaso ndi chitenje. Mapewa akugwedezeka. Ndaganiza kuti akulira.

Akuseka.

Yadzuka. Alamu ayesa ali padoko, mnzawo ali pa boti kutali ndithu, amvana. Kagalasi kali ndi banga pakona, ndipo mawu ake asasa, akutulukira m'mphuno, koma akumveka. Mawa apita nayo.

Ndati tithokoze Mulungu. Mayi akuti, "Dikirani, sindinamalize." Anzawo a alamu a padoko amva nkhani yonse, mpaka ya mthiko. Aipatsa dzina. Poti imayankhulira m'mphuno, mokweza, ndipo ikayamba ena onse amayenera kudikira, akuitcha Ahedi.

Akuti alamu atsanzika chonchi: "Muwauze asadandaule. Mawa Ahedi akhala pamkono panga, sindiwataya."

Chabwino. Zaka makumi awiri ndi ziwiri, palibe kalasi kapena mtengo wa pasukulu umene unatchedwa dzina langa. Ndalandira.

Kapu ya madzulo yaikidwa pafupi.