A Orville, Mgogodi wa Makoma

M'tauni ya Tamarack Falls anthu onse ankagogoda pachitseko, kupatula a Orville Lindqvist. Iwo ankalowa kaye, n'kuyamba kugogoda makoma, moni pambuyo. Paja makoma a kuno ndi opyapyala, m'kati muli mphako, ndipo msomali ukaphonya nsichi yobisika kuseri, chimene mwapachikacho chimakutsatirani pansi. A Orville nsichi ankaimva ndi khutu.

Tsiku lina kutchalitchi, ulaliki uli m'kati, kudamveka go, go, go.

"A Orville, mwafuna kulapa?"

"Ayi abusa. Mtanda wanuwu adaukhoma pamphepo. Pitirizani, koma sunthani pang'ono."

Mtandawo udagwa Lachiwiri.

Mayi Dolores Haugen ankawaseka kwambiri a Orville, mpaka chaka chimene amuna awo, a Vernon, adafa ziwalo mbali imodzi. Achipatala adati m'bafa muikidwe chitsulo chogwirira, apo ayi a Vernon apita kunyumba yosungira okalamba. Mkamwini wawo, Kyle, adabwera ndi kachipangizo kolira kofufuzira nsichi. Kadalira pakhoma, kadalira pawindo, kadalira ngakhale pamimba pa mwini wake. Kyle adangokhoma.

A Orville adafika osaitanidwa, atalondola fungo la keke ya maapozi. Adagogoda atatsinzina, khutu lili pakhoma.

"Mwana iwe, wakhoma mphepo."

"Agogo, makina sanama."

"Talendewera tione."

Kyle adalendewera, n'kupezeka ali chagada m'bafa, chitsulo chili m'manja.

Mayi Dolores sadaseke. Mantha adawagwira: akadakhala a Vernon? A Orville adasuntha chala pang'ono, go, go, gu! "Apa." Adakhoma, n'kulendewera okha, miyendo ili m'malere.

"Kawatengeni amuna anu kuchipatala, Dolores. Koma keke ija mudule kaye."

A Orville adatisiya m'chisanu chathachi. Pamaliro, Mayi Dolores adaima pabokosi, a Vernon atawatsamira, n'kugogoda katatu. Tchalitchi chonse chidaseka, misozi ili chuchuchu, abusa omwe.

Masiku ano makoma angoti zii, ndipo zithunzi zayamba kugwa nyumba ndi nyumba. Tawasowa mkulu uja. M'mawa uliwonse a Vernon akamagwira chitsulo chija kuti aimirire, Mayi Dolores amaima kuseri kwa chitseko n'kumamvetsera. Mpaka lero chitsulocho sichinagwedezekepo.